Schizophrenia: matenda amene timangowatchula kuti misala

Banja silikumbukira tsiku limene matendawa anayamba. Limakumbukira tsiku limene mnyamata anaswa wailesi n'kunena kuti ikuulutsa zinsinsi zake, kapena usiku umene mtsikana anatuluka m'nyumba n'kukapezeka kudambo m'mawa, kuphazi kulibe nsapato. Koma mukafunsitsa mumamva kuti chaka chonse chapitacho munthuyo anali atasiya kucheza ndi anzake, kusukulu zinali zitayamba kuvuta, kusamba ankachita kumukakamiza, ndipo usiku ankangokhala m'chipinda ali maso. Ena ankati ndi unyamata, ena ankati wayamba chamba, ena ankati wawerenga mopyola muyeso. Miyezi imeneyo, imene palibe amaiwerengera, ndi imene imawononga zambiri, chifukwa munthu akakhalitsa osalandira mankhwala, kuchira kwake kumachedwa ndipo nthawi zina sikufika pomwe kukanafika.

Mawu akuti misala timaponyamo matenda ambiri osiyana, monga momwe kale kutentha thupi kulikonse tinkati malungo. Schizophrenia ndi amodzi mwa matendawo. Dzinali linaperekedwa mu 1908 ndi dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kugawanika kwa maganizo. Sankatanthauza kuti mwa munthu mmodzi mukukhala anthu awiri, monga ena amaganizira. Ankatanthauza kuti zimene munthu akuganiza, zimene akumva mumtima ndi zimene zikuchitikadi kunja zimasiya kulumikizana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 24 miliyoni anali ndi matendawa, kapena kuti munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse. Amayamba kawirikawiri munthu ali pakati pa zaka 16 ndi 30, anyamata amayamba msanga kuposa atsikana. Ndiye kuti amagwira munthu pa nthawi ya mayeso a Fomu 4, ya kukoleji, ya chibwenzi ndi ya ntchito yoyamba.

Zimene wodwala amamva ndi zimene abale amaona

Chizindikiro chodziwika kwambiri ndi kumva mawu pomwe palibe woyankhula. Apa abale ambiri amalakwitsa poganiza kuti munthuyo akungoganizira. Iye amawamva mawuwo m'makutu, omveka ngati a munthu amene wakhala naye pamphasa. Nthawi zina ndi mawu awiri kapena atatu okambirana za iye: "Taonani, akutenga kapu. Wopusa ameneyu." Nthawi zina amamulamula. Mukaona munthu akupendeketsa mutu ngati akumvetsera, akuseka yekha, kapena milomo ikuyenda ali yekha, nthawi zambiri akuyankhana ndi mawuwo.

Chachiwiri ndi zikhulupiriro zimene sizisunthika ngakhale mutabweretsa umboni wotani: kuti m'nsima mwathiridwa poizoni, kuti apolisi amuikira kachipangizo m'foni, kuti wowerenga nkhani pawailesi akulankhula za iyeyo, kuti maganizo ake akuchotsedwa m'mutu ndi anthu ena. Kwathu kuno pamafunika kusamala, chifukwa kukhulupirira ufiti pakokha si matenda. Funso limene wachipatala wodziwa ntchito amafunsa abale ndi lakuti: "Inu amene mumakhala naye, mumapemphera naye, zimene akunenazi mukuziona kuti n'zomveka?" Ngati anthu a m'mudzi mwake ndi a mpingo wake womwe akupukusa mitu, pamenepo pali vuto. Palinso kusokonekera kwa kalankhulidwe: nkhani imayamba ya chimanga, yadumphira kwa Mose, yathera pa nambala ya galimoto, womvera osapeza mutu wake.

Zimenezi ndi zaphokoso, ndipo ndi zimene zimathamangitsa anthu kuchipatala. Koma zimene zimagwetsa moyo wa munthu kwa zaka zambiri ndi zachete. Munthu amangokhala duu pakhonde tsiku lonse. Nkhope siisintha, pamaliro ndi paukwati chimodzimodzi. Mukamufunsa amayankha mawu amodzi. Khasu saligwira, sopo mukamupatsa amangomuika pambali. Kukumbukira malangizo atatu otsatizana kumamuvuta, kukonza za mawa kumamuvuta. Pakhomo amamutcha waulesi, ndipo mawu amenewa amapweteka kuposa akuti wamisala, chifukwa mphwayi imeneyi ndi mbali ya matenda enieniwo, ndipo ndi imene mankhwala amaichepetsa pang'ono kwambiri.

Chimayambitsa n'chiyani

Palibe chinthu chimodzi. Kumtundu kumathandizira: mwana amene kholo lake limodzi lili ndi matendawa, mpata woti adwale ndi pafupifupi 1 pa 10, ndipo mwa mapasa ofanana ndendende, mmodzi akadwala, mnzakeyo mpata wake umayandikira theka. Manambala omwewa muwawerenge chobwerera: ana 9 mwa 10 a kholo lodwala sadwala, ndipo ngakhale mapasa a magazi amodzi, wina amatsala. Ndiye kuti pamtundupo pamaonjezekera zina, monga zovuta pa nthawi ya mimba ndi pobadwa, nkhanza paubwana, ndi chamba. Za chamba tinene mosabisa. Si aliyense wosuta amadwala, koma woyamba kusuta ali wamng'ono, n'kumasuta tsiku ndi tsiku chamba champhamvu, mpata wake umawirikiza kangapo, ndipo amene wadwala kale akapitiriza kusuta, mankhwala amakhala ngati madzi othira m'dengu. Komabe si bwino kuthamangira kunena kuti "n'chamba basi" n'kusiya pomwepo, pakuti odwala ambiri sanasutepo n'kamodzi komwe.

Mu ubongo, mbali imene ikumveka bwino ndi ya dopamine, kemikolo wopangidwa mu ubongo momwemo, amene mwa ntchito zake amauza ubongo kuti ichi n'chofunika, chitchere khutu. Akamatuluka mosalongosoka, zinthu wamba zimayamba kuoneka zatanthauzo lalikulu: galimoto yoyera yadutsa kawiri, mnansi watsokomola, ndiye kuti pali chiwembu. Mankhwala onse akale a matendawa amagwira ntchito potchinga malo amene dopamine amafikira.

Musathamangire dzina

Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kumaonetsa schizophrenia. Dokotala amazindikira pomvetsera wodwala ndi abale, ndipo zizindikiro ziyenera kukhala zitatha mwezi kapena kuposerapo. Asanafike pa dzinali ayenera kuchotsa kaye matenda a m'thupi amene amasokoneza mutu, ndipo kuno ndi ambiri: malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, HIV ndi matenda obwera nayo, chindoko chofika ku ubongo, khunyu, shuga wotsika, kuvulala m'mutu, ndi kusiya kachasu mwadzidzidzi kwa munthu womwa tsiku lililonse. Mankhwala ena nawonso amatero, monga efavirenz wa m'ma ARV ena.

Kusiyanitsa kwake abale angakuthe. Wa schizophrenia nthawi zambiri amadziwa kumene ali, amakuzindikirani, thupi silitentha. Koma munthu amene dzana anali bwinobwino, lero akubwebweta, thupi lili moto, sakudziwa ngati kuli usiku kapena usana, akusinzasinza n'kudzidzimuka, ameneyo akudwala m'thupi ndipo akhoza kufa m'masiku ochepa. Apite kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo. N'chimodzimodzi mayi amene wasokonezeka m'masabata awiri oyamba atabereka: asasiyidwe yekha ndi khanda, ndipo asadikire kuti mwana atuluke chikuta.

Kopita, ndi mankhwala ake

Ambiri akamva za matendawa amangoganiza za ku mentolo ku Zomba. Chipatala chimenecho chinatsegulidwa mu 1953, ndipo chisanamangidwe odwala ankasungidwa kumbali ya ndende ya Zomba, mbiri imene mwina ndi imene inasiya mantha amene alipo mpaka lero. Koma khomo loyamba si Zomba. Ndi chipatala chaching'ono cha kwanu kapena chipatala cha boma, kumene kumakhala anamwino ndi madokotala ophunzira za matenda a maganizo, ndipo iwo ndi amene amatumiza ku Zomba ngati pakufunika. Kumpoto kuli St John of God ku Mzuzu, imene ilinso ku Lilongwe, ndipo ku Blantyre kuli kiliniki ya matendawa ku Queen Elizabeth. Odwala ambiri safunika kugonekedwa.

Mankhwala ofala ndi chlorpromazine, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito ku France mu 1952, ndi haloperidol. Atsopanopo ndi risperidone ndi olanzapine. Lamulo lake ndi kuyamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono, mtundu umodzi pa nthawi imodzi: haloperidol amayambira pa 1.5 mpaka 3 mg patsiku, chlorpromazine pa 25 mpaka 50 mg, risperidone pa 1 mg, ndipo okalamba amayambira pansi pa pamenepo. Manambalawa ndi oti mudziwe zimene zalembedwa m'buku la kuchipatala, wokweza ndi wotsitsa ndi wachipatala yekha. Palinso jakisoni wa fluphenazine decanoate, amene ambiri amangoti jakisoni wa pamwezi. Amabayidwa pathako, koyamba 12.5 mg yoyesera, kenako mlingo wokhazikika pa masabata awiri mpaka asanu alionse.

Kagwiridwe kake kamayenda motsatana. Tulo ndi bata zimabwera m'masiku oyamba. Mawu amayamba kutalikira pakatha sabata imodzi kapena awiri. Zikhulupiriro zimasungunuka mochedwa, ndipo sizitha ngati kuzimitsa nyali: munthu amayamba wasiya kuzitchula, kenako amati "mwina ndinkalakwitsa". N'chifukwa chake mankhwala saweruzidwa kuti alephera asanathe masabata 4 mpaka 6 akumwedwa mokwanira. Mitundu iwiri ikalephera motero, pali clozapine, amene amathandiza ambiri amene ena akanika, koma amafuna kuyeza magazi pafupipafupi ndipo sapezeka wamba.

Pamene pamagwera ambiri

Apa m'pofunika kukhalitsapo, chifukwa odwala ambiri amene amabwerera kuchipatala atayambiranso si kuti mankhwala anakanika. Anasiya kumwa, ndipo anali ndi chifukwa chimene palibe anawafunsa.

Tengani mnyamata amene wayamba haloperidol Lolemba. Lachitatu khosi lapindikira kumbali gwa, maso atembenukira kumwamba, lilime latuluka osabwerera, nsagwada zauma. Akudziwa zonse zimene zikuchitika ndipo ali ndi mantha osaneneka. Pakhomo ena akuti khunyu, ena akuti ziwanda zakwiya ndi mankhwala achizungu, ndipo mapiritsi akathera m'chimbudzi. Chonsecho uku ndi kukokana kwa minofu kodziwika bwino, kofala mwa anyamata m'masiku asanu oyamba, ndipo kumatha msanga ndi benzhexol, amene ambiri amamudziwa kuti Artane, kapena ndi jakisoni wa kuchipatala. Banja likauzidwa zimenezi pa tsiku loyamba, silithawa.

Pakapita masabata kumabwera kunjenjemera manja, kuyenda mwandondoli manja osagwedezeka, dovu kudontha. Umu ndi momwe anthu amazindikirira patali kuti uyu ali pa mankhwala a mutu, ndipo manyazi ake amasiyitsa ambiri. Kawirikawiri ndi chizindikiro chakuti mlingo wakwera, ndipo njira yabwino ndi kuutsitsa kapena kusintha mtundu. Benzhexol amathandiza, koma si woti azingomwedwa zaka ndi zaka: amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, amachititsa chidima m'maso, amafooketsa kukumbukira, ndipo ena amayamba kumukonda. Vuto lina lonyenga ndi kusakhazikika kwa miyendo. Munthu sangathe kukhala pampando, amangopondaponda, kutuluka n'kulowa. Aliyense amati matenda akukula, mlingo n'kukwezedwa, zinthu n'kuipiraipira. Mufunseni: "Kodi ndi maganizo akukuyendetsani, kapena ndi miyendo ikukana kukhala?" Yankho lake limasiyanitsa. Pakatha zaka, ena amayamba kutafuna pakamwa popanda kanthu, lilime kumangoyenda lokha. Zimenezi benzhexol sathetsa, amatha kuzikulitsa, ndipo ziyenera kuonetsedwa msanga zisanakhazikike.

Chlorpromazine amagonetsa, choncho mlingo waukulu ndi bwino uzimwedwa usiku. Amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, ndiye azikhala kaye pabedi asanaimirire. Amapsereza khungu padzuwa, ndipo wopita kumunda avale chipewa ndi malaya a manja aatali. Olanzapine amanenepetsa kwambiri ndipo amaitana shuga. Ndiye pali zimene odwala satchula pamaso pa gadiyani: mphamvu za m'banja kuchepa, msambo kusiya, mkaka kutuluka mwa mayi wosayamwitsa. Zimenezi zasiyitsa anthu ambiri mwakachetechete. Wachipatala wanzeru amatulutsa kaye gadiyani panja n'kufunsa. Mayi adziwenso kuti msambo ukasiya chifukwa cha mankhwala, mimba ikhoza kubwerabe.

Pali vuto lina lobwera ndi mankhwalawa, losowa koma lakupha: thupi lonse kuuma, kutentha kwambiri, thukuta, kusokonezeka. Limafanana ndi malungo. Mankhwala aimitsidwe, munthu apite kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo buku lake lipite naye.

Chifukwa china chosiyira ndi kuchira kumene. Munthu wapeza bwino miyezi isanu ndi umodzi, amafunsa kuti wamoyo amamweranji mankhwala. Choipa chake n'chakuti akasiya sipachitika kanthu sabata imeneyo, ngakhale mwezi umenewo, makamaka wa jakisoni, amene amakhalitsa m'thupi. Matenda amabwerera pakatha miyezi iwiri, itatu kapena isanu, ndipo pofika pamenepo palibe amalumikiza ziwirizi. Kafukufuku wotsatira odwala koyamba anapeza kuti pafupifupi 8 mwa 10 anayambiranso m'zaka zisanu, ndipo kusiya mankhwala kunawirikiza mpatawo pafupifupi kasanu. Wodwala koyamba amalangizidwa kupitiriza chaka chimodzi kapena ziwiri atachira, wodwala kangapo amapitiriza zaka zambiri. Kusiya kukafika, kumachitika motsitsa pang'onopang'ono kwa miyezi, mogwirizana ndi wachipatala. Odwala ambirinso, mwina theka, sadziona kuti akudwala, ndipo imeneyi si nkhutukumve, ndi mbali ya matenda. Kwa otere jakisoni amachepetsa mkangano wa tsiku ndi tsiku. Za kutha kwa mankhwala m'zipatala ndi za ndalama yoyendera, njira ndi kupita kukatenga kudakali mapiritsi a sabata imodzi, ndipo ngati atha, kufunsa mtundu wina wolowa m'malo, osangobwerera chimanjamanja.

Pakhomo

Zadziwika kwa zaka zambiri kuti wodwala wokhala pakhomo pa zonyoza ndi zokalipa amayambiranso kawirikawiri. Chodabwitsa n'chakuti pakhomo pomulondalonda, pomuchitira chilichonse ngati khanda, pamachitanso chimodzimodzi. Chimene chimathandiza ndi mawu ochepa, odekha, chinthu chimodzi pa nthawi. M'malo mwa "Tsiku lonse mwangokhala, anzanu akugwira ntchito", mlongo anene kuti: "Achimwene, tiyeni mundithandize kutunga ndowa ziwiri, tikabwera timwe tiyi." Ntchito ziyambe zazing'ono, kudyetsa nkhuku, kuthirira dimba, kenako zizikula. Azidyera m'mbale imodzi ndi anzake, azipita nawo kumaliro ndi kutchalitchi.

Za mawu ndi zikhulupiriro, kutsutsana naye n'kutaya nthawi, ndipo kuvomereza n'kumunamiza. Pali njira yapakati. Mayi anganene kuti: "Mwanangu, ine mawuwo sindikuwamva, koma ndikuona kuti akukusautsa. Akuti chiyani lero?" Funso limeneli ndi lofunika, chifukwa mawu olamula kuti adzipweteke kapena apweteke wina ndi chifukwa chopitira kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati akuopa poizoni, idyani naye mbale yomweyo kapena adziphikire yekha.

Wodwala aliyense ali ndi zizindikiro zakezake zosonyeza kuti matenda akubwerera, ndipo zimabwereza mofanana. Chofala kwambiri ndi tulo kusowa mausiku awiri kapena atatu. Wina amayamba kutseka mawindo masana, wina amasiya kudya za pakhomo. Mukambirane iye ali bwino, muzilembe kumapeto kwa buku la kuchipatala, pamodzi ndi dzina la wachibale amene iye amamumvera. Zikaoneka, musadikire tsiku la kiliniki.

Zikavuta, chepetsani anthu. Gulu lomuzungulira limangotsimikiza zimene akuopazo. Ayankhule munthu mmodzi, ataima chapatali, khomo lili losatsekereza, zikwanje ndi mipeni zitachotsedwa mwakachetechete. Kumanga ndi zingwe za sisalo kapena unyolo kumasiya mabala ndipo kumatseka magazi. Kukhalira munthu pachifuwa kapena kumugoneka chafufumimba n'kumupanikiza kumapha. Ndipo zoona zake n'zakuti odwalawa amamenyedwa, kuberedwa ndi kugwiriridwa kawirikawiri kuposa momwe iwo amapwetekera ena. Chiwawa chikakhalapo, nthawi zambiri pamakhala mowa, chamba, kapena mankhwala osiyidwa.

Ngozi yaikulu ili pa iye mwini. Pafupifupi 5 mwa odwala 100 amadzipha, makamaka achinyamata, m'zaka zoyamba, ndiponso m'masabata otsatira kutuluka m'chipatala, pomwe mutu wayera n'kuona sukulu yatayika, chibwenzi chatha, anzake akumuloza. Nthawi imene banja likupuma kuti zatha ndi imene iye ali pamphepete. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo. Mankhwala a mbewu ndi a makoswe atsekeredwe, ndipo mapiritsi a mwezi wonse asunge wina.

Mabanja ambiri amayamba kwa asing'anga kapena kumapemphero, poganiza kuti walodzedwa kapena anaphonya chizimba, ndipo kuwanyoza pa zimenezi kumangowathamangitsa kuchipatala. Pemphero ndi mapiritsi sizilimbana. Chimene chiyenera kukanidwa ndi kuuza wodwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, kumusalitsa kudya masiku ambiri, kumukwapula, kapena kumumwetsa zosanzitsa.

Anthu a matendawa amamwalira zaka 10 mpaka 20 msanga kuposa anzawo, ndipo chowapha kwambiri ndi matenda a mtima, shuga, TB ndi ena ochizika, chifukwa akadandaula za m'thupi aliyense amati ndi mutu womwewo. Choncho pa ulendo wa kukiliniki akwere sikelo, ayezedwe BP, shuga ayezedwe kamodzi pachaka, ndipo fodya achepe. WHO imati mwina mmodzi mwa atatu amachira kotheratu, ndipo ambiri mwa otsalawo amalima, amachita geni, amalera ana ali pa mankhwala. Ukwati si mankhwala, monga amanenera akuluakulu ena, koma si woletsedwanso, bola mnzakeyo auzidwe zoona zisanafike pa chinkhoswe. Mayi wofuna mwana akambirane ndi wachipatala mimba isanabwere, asasiye mankhwala payekha akazindikira kuti ndi woyembekezera, ndipo pakonzedwe wachibale wogona naye m'masabata oyamba atabereka, wodzukira khanda usiku kuti iye azigona tulo tokwanira.